Zithunzi za viza ya ukwati: titumize zingati, ndipo ziti?

MkaziWaChilomoni
Moni nonse a m'gulu muno. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munadutsamo kale. Amuna anga amakhala ku Leeds, ku UK, ine ndili kuno ku Blantyre, ndipo tikukonza mapepala a viza ya ukwati. Zambiri tasonkhanitsa, koma pa nkhani ya zithunzi mutu waima. Mufoni mwanga ndi mwawo muli zithunzi zosawerengeka: za chinkhoswe, za ukwati ku tchalitchi, za ku nyanja ku Mangochi, zina tili pakhonde kwa apongozi ku Zingwangwa, zina ndi zongojambula pa foni tikuyankhulana pa vidiyo. Munthu wina amene amathandiza anthu mapepala mu Limbe wandiuza kuti nditumize zonse, akuti zikachuluka m'pamene amakhulupirira. Alamu anga akuti ayi, khumi zakwana. Ndimvere ndani? Komanso kodi zimafunika kutsukitsa, kapena n'zongotumiza pa intaneti? Ndalama za viza imeneyi si zamasewera, sindikufuna kukanizidwa chifukwa cha zithunzi.

Kalulu_wa_Ndix
Tumizani zonse achemwali. Munalipira wojambula kuti zizingokhala mu foni?

AsisiAkuLeeds
Musanafike pa zithunzi, ndifunse kaye: bambowo ali ndi mapepala anji kuno? Ngati ali nzika ya UK kapena ali ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale, ndiye inde, yanu ndi viza ya ukwati. Koma ngati ali pa viza ya ntchito, njira yanu ndi ina, mumabwera ngati wodalira iwowo. Ndipo ngati ntchitoyo ndi yosamalira okalamba, dziwani kuti kuyambira pa 11 March 2024 amene akulowa kumene pa viza imeneyo saloledwa kubweretsa mabanja. Ambiri amasokoneza zinthu ziwirizi n'kutaya ndalama.

MkaziWaChilomoni
Zikomo asisi. Ali ndi chokhala mpaka kalekale, anachipeza tisanakwatirane.

AsisiAkuLeeds
Chabwino, ndiye tamvani. Ine ndinabwera kuno pa viza yomweyo kuchokera ku Namiwawa, ndipo ndathandizapo anzanga angapo a ku tchalitchi.

Chimene a ku ofesi ya viza amafuna kuona n'chakuti banja lanu ndi lenileni ndipo likupitirira. Zithunzi zimathandiza, koma kwa iwo ndi umboni wopepuka, chifukwa aliyense akhoza kuvala suti ndi velo n'kujambulitsa tsiku limodzi. Zimene zimalemera ndi mapepala ochokera kwa anthu ena osati inu eni: setifiketi ya ukwati, zidindo za mu pasipoti ya bambowo zosonyeza tsiku lomwe analowa ndi kutuluka m'Malawi, matikiti a ndege, malisiti a ndalama zomwe amakutumizirani, setifiketi ya kubadwa ya mwana ngati alipo. Ntchito ya chithunzi ndi kuikira umboni mapepala amenewo. Ngati chidindo cha pa Chileka chikuti analowa mu December, pakhale chithunzi cha December womwewo muli limodzi, ndipo pansi pake mulembe tsiku, malo ndi anthu amene ali pamenepo.

Ine ndimalangiza zithunzi pakati pa 15 ndi 20. Si lamulo, ndi mmene ndikuonera. Munthu amene akuona fayilo yanu ali ndi mafayilo ena ambiri patsogolo pake. Mukamupatsa mulu wa zithunzi zofanana, zabwino zija zimakwiririka.

Sankhani motsatira nthawi: chimodzi kapena ziwiri za pachibwenzi, za chinkhoswe, za ukwati, kenako ulendo uliwonse umene anabwera pambuyo pa ukwati. Mbali yomalizayi ndi imene anthu amaiwala. Amatumiza zithunzi za tsiku la ukwati zokhazokha, keke mbali iyi, keke mbali iyo, koma palibe chosonyeza kuti chichitikire ukwati anthuwa anaonananso.

Kutsukitsa sikufunika. Ziikeni mu chikalata chimodzi cha PDF, ziwiri kapena zitatu pa tsamba, mawu a m'munsi mu Chingerezi. Mumatumiza pa intaneti musanapite ku Lilongwe kukadinda zala.

Kalulu_wa_Ndix
Koma asisi, mnzanga anatumiza zoposa pamenepo ndipo anapatsidwa.

AsisiAkuLeeds
Anapatsidwa chifukwa mapepala ake ena anali bwino, achimwene. Si kuchuluka kwa zithunzi kumene kunamudutsitsa.

BamboWaAwiri_Chirimba
Ine ndivomerezane ndi asisi, ngakhale yanga inali ya ku Canada. Kumeneko m'ndandanda wa mapepala umanena mosabisa kuti zithunzi zisapitirire 20, ndipo zikhale za nthawi ndi malo osiyanasiyana, chilichonse ndi kafotokozedwe kake. Mayi akunyumba anavutika posankha, moti tinakangana pang'ono chifukwa iwo amafuna zimene anatchena kwambiri, ine ndimafuna zimene pali anthu. Tinaika china chomwe sichooneka bwino kwenikweni, chojambulidwa madzulo magetsi atazima, agogo awo akutipatsa nsima pa mkeka ku Lunzu. Chimenecho chinali ndi anthu a mbali zonse ziwiri, amalume anga ali pambali akusamba m'manja. Kwa ine chinali champhamvu kuposa za mu situdiyo.

Nachisale_wa_Soche
Pamenepo mwalasa bambo. Zithunzi zoti muli awiriwiri, wina atatambasula mkono ndi foni, sizinena zambiri. Pakhale makolo, ankhoswe, anzanu a ku ntchito, abusa. Kwathu kuno ukwati si wa anthu awiri, ndiye umboni wake usakhalenso wa anthu awiri. Chithunzi cha pa chinkhoswe ankhoswe akusinthana tambala ndi msoti, mabanja onse atakhala, mufotokoze m'munsi mwake kuti uwu ndi mwambo womwe mabanja amavomerezera ukwati, ndipo awa ndi amalume a mkazi, awa ndi a mwamuna. Mzungu wa mu ofesi sadziwa tanthauzo la nkhukuzo pokhapokha mumuuze.

MnyamataWaBangwe
Funso lapambali. Ife tinangopanga chinkhoswe basi, ku tchalitchi sitinapite. Zithunzi za chinkhoswe zikwana ngati umboni wa ukwati?

Mlembi_Wakale
Ayi achimwene, musadalire zithunzi pa chimenecho. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa chikhalidwe, wa mpingo ndi wa ku boma, ndiye ukwati wanu si wabodza. Koma ofesi ya viza imafuna pepala. Pitani kwa DC kapena ku ofesi ya Registrar General konkuno ku Blantyre mukafunse njira yolembetsera. Ambiri amangodulitsa mtchatho kuti nkhani ithe. Chinthu chimodzi chokha: masiku onse muwanene momwe alili. Ngati chinkhoswe chinachitika kale ndipo mtchatho mwadulitsa chaka chino, lembani choncho mu kalata yanu ndipo zithunzi zisonyeze zonse ziwiri. Musayese kubweza tsiku m'mbuyo.

MnyamataWaBangwe
Zikomo bambo, ndamva.

MayiWaMapasa
Ine nkhani imeneyi imandiwawa. Munthu wakwatiwa pamaso pa Mulungu, pamaso pa makolo, anthu adya, avina, ndiye mlendo amene sanakuonepo akhale pa mpando n'kumayeza ngati chikondi chako n'chenicheni? Mchemwali wanga analira usiku wonse akusankha zithunzi, akuti ndikumva ngati ndikuzengedwa mlandu. Iwo akamabwera kuno kudzakwatira ana athu, ndani amawafunsa zithunzi?

Kalulu_wa_Ndix
Zoona mayi. Amationa ngati tonse ndife akuba.

BamboWaAwiri_Chirimba
Kuwawa kwake ndikukumva mayi, nanenso ndinakumva. Koma tisaiwale kuti alipo anthu amene amachita maukwati ogula, ndipo ndi amene anatiumitsira njira tonsefe. Ine ndinangodziuza kuti ana anga akufunika kukhala ndi makolo onse awiri, ndiye chilichonse chomwe akufuna ndiwapatsa, bola chikhale choona.

MayiWaMapasa
Sindikukana bambo. Ndikungoti munthu wosauka amene ukwati wake unalibe wojambula, ndiye kuti banja lake ndi lochepa?

AsisiAkuLeeds
Ayi mayi, ndipo apa mpofunika kumvetsa. Palibe lamulo loti ukwati ukhale wa mu holo. Amene anakwatirana kwa DC ndi mboni ziwiri amapatsidwa viza. Ngati zithunzi zili zochepa, munthu amafotokoza chifukwa chake mu kalata n'kulimbitsa mbali zina. Chimene chimagwetsa ambiri si zithunzi n'komwe, ndi ndalama. Kuyambira pa 11 April 2024 amene akukuitanayo ayenera kumalandira mapaundi 29,000 pa chaka, pomwe kale anali 18,600. Ngati ali pa ntchito imodzi kwa miyezi 6 kapena kuposa, amafuna mapepala a malipiro a miyezi 6, masitetimenti a ku banki ogwirizana nawo, ndi kalata ya abwana. Pepala lomaliza lisakhale lakale kuposa masiku 28 pa tsiku lomwe mukutumiza fomu. Pamenepo ndi pamene anthu amapunthwa. @MkaziWaChilomoni, bambowo aonetsetse zimenezi.

MkaziWaChilomoni
Zimenezo akuti ali nazo. Mayeso a Chingerezi ndinalemba kale, kwatsala kukayezetsa TB.

Nachisale_wa_Soche
TB musafulumire kwambiri, setifiketi yake imagwira miyezi 6 yokha. Ndipo mupite ku chipatala chimene iwo anavomereza, osati chilichonse.

Wojambula_Limbe
Ndilankhuleko ngati munthu wa kamera. Anthu a viza amandipeza kawirikawiri, ndipo pali zinthu ziwiri zimene ndimakana.

Choyamba, amabwera n'kunena kuti achimwene, mundiikemo amuna anga mu chithunzi ichi cha Khirisimasi, analibepo koma zioneke ngati analipo. Ndimakana. Ntchitoyo ndikhoza kuichita, koma pasipoti ya bamboyo idzanena kuti Khirisimasi imeneyo sanalowe m'dziko muno. Akakugwirani ndi chimodzi chabodza, zoona zonse zija sakhulupiriranso, ndipo mbiri imeneyo imakutsatani pa viza iliyonse yomwe mudzapemphe.

Chachiwiri ndi chija chobwera ndi zovala zitatu mu chikwama. Kujambulitsa pa Chichiri ndi diresi lofiira, kusintha, kukajambulitsa ku Michiru ndi chitenje, kusintha, kenako n'kulemba zaka zitatu zosiyana. Koma tsitsi ndi lomwelo, zikhadabo ndi zomwezo, ndevu za bambo sizinakule. Ngakhale ine ndimaona, kuli bwanji munthu amene ntchito yake ndi yomweyo tsiku lililonse.

Langizo langa laulere: chithunzi chikadutsa pa WhatsApp chimachepa mphamvu ndipo tsiku lomwe chinajambulidwa limafufutika mkati mwake. Pezani choyambirira mu foni yomwe inajambula, kapena kwa wojambula wanu. Ngati wina akukutumizirani, atumize ngati document, osati ngati chithunzi wamba.

GogoWaZingwangwa
Inu ojambula nanunso muli ndi mlandu. Wa pa ukwati wa mdzukulu wanga anatenga ndalama zonse, mpaka lero alubamu sitinaione. Akuti kompyuta inapsa.

Wojambula_Limbe
Pepani agogo. Alipo otero, amatichititsa manyazi. N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti musamalipire zonse musanalandire, ndipo mutenge zithunzi pa flash sabata yomweyo.

Kalulu_wa_Ndix
Vuto ndi makomiti a ukwati. Ndalama zonse zimathera ku holo, ku zokongoletsa ndi kwa MC wa perekaniperekani, wojambula amasakidwa dzulo lake.

MayiWaMapasa
Ndiye perekaniperekani wa masiku ano! Anthu amaitanidwa mpaka dzuwa kulowa, a mbali ya mkazi, a mbali ya mwamuna, ovala zobiriwira, obadwa Lachiwiri. Akwati amafika pomaliza nkhope zitagwa.

Mlembi_Wakale
Abale, tabwererani ku funso la mayiwa.

MtsikanaWaMachinjiri
Agogo, vuto lanu ndi langanso, ndipo ndi limene landibweretsa. Wojambula wathu anasowa ndi zithunzi zonse za ukwati. Ndili ndi setifiketi, koma za tsikulo ndilibe ngakhale chimodzi chabwino. Wina wandiuza kuti tibwereke diresi tijambulitsenso amuna anga akabwera. Nditani?

Nachisale_wa_Soche
Musabwereke diresi achemwali. Pa ukwati wa ku Blantyre foni iliyonse imakhala m'mwamba. Lowani mu gulu la WhatsApp la komiti ya ukwati wanu, funsani operekeza, a kwaya, azakhali. Yang'anani pa Facebook za anzanu tsiku limenelo, ubwino wake tsiku limaoneka pomwepo. Ngati wina anajambula vidiyo, mukhoza kudulamo zithunzi. Zidzakhala zopendekeka, mitu ya anthu kutsogolo, koma ndi za tsiku lenileni. Onjezerani khadi loitanira anthu, pulogalamu ya ku tchalitchi, lisiti ya holo. Mu kalata mulembe chiganizo chimodzi choti wojambula sanapereke zithunzi ndipo izi ndi zochokera kwa alendo. Basi.

MtsikanaWaMachinjiri
Ambuye akudalitseni. Ndinali nditaiwala kuti asisi anga anajambula polowa mu tchalitchi.

Mphunzitsi_Nyambadwe
Ine ndisiyane pang'ono ndi asisi a ku Leeds pa nambala. Banja lomwe lakhala zaka zambiri, lili ndi ana, nyumba ya lendi ya mayina awiri, zithunzi khumi zikwanadi. Koma amene anadziwana pa intaneti, n'kuonana maulendo ochepa, n'kukwatirana msanga, alibe mapepala ambiri oti aonetse. Kwa iwowo ulendo uliwonse uyenera kuoneka bwinobwino: pa bwalo la ndege, kwa makolo, ku tchalitchi, ndi lisiti ya malo ogona ku Mulanje kapena ku Zomba ngati anapitako. Akapitirira 20 pang'ono sindikuona vuto, bola chilichonse chikunena chinthu chatsopano. Lamulo la UK limafuna kuti anthuwo akhale kuti anakumanapo maso ndi maso, ndiye kwa otere zithunzi zimagwira ntchito yaikulu kuposa kwa ena.

AsisiAkuLeeds
Pamenepo sinditsutsa aphunzitsi. Nambala si nkhani. Chimene ndikukana ndi kutaya foni yonse mu fayilo.

MkaziWaChilomoni
Nanga zija zojambula pa foni tikuyankhulana pa vidiyo? Ndi mauthenga a pa WhatsApp? Ife timalemberana m'Chichewa.

Mlembi_Wakale
Apa samalani mayi. Pepala lililonse lomwe si la Chingerezi kapena Chiwelshi liyenera kumasuliridwa, ndipo womasulirayo alembe kuti wamasulira molondola, aike tsiku, dzina lake, siginecha ndi momwe angapezekere. Mukati mumasulitse macheza a zaka, mulipira ndalama zambiri pachabe. Chosavuta ndi kuonetsa m'ndandanda wa mafoni omwe mumaimbirana, chifukwa pamenepo pamaoneka dzina, tsiku ndi kutalika kwa nthawi, palibe chomasulira. Tengani tsamba limodzi kapena awiri pa mwezi uliwonse kapena miyezi iwiri iliyonse, kuyambira kale mpaka posachedwa. Za pa vidiyo ikanimo ziwiri kapena zitatu pomwe nkhope zonse zikuoneka. Mauthenga sankhani ochepa okhudza moyo wa pabanja, monga fizi ya mwana, matenda a apongozi, lendi, n'kumasulitsa amenewo okha.

Kalulu_wa_Ndix
Nanga za kuchipinda? Si ndiye umboni weniweni?

GogoWaZingwangwa
Iwe mwana, ulemu.

AsisiAkuLeeds
Funsolo anthu amafunsadi mseri, ndiye ndiyankhe. Ayi. Palibe amene amafuna zimenezo, sizionjezera kanthu, ndipo fayilo yanu imadutsa m'manja mwa anthu angapo. Amayi makamaka, ngati ejenti wina akukuuzani kuti mumutumizire zithunzi zotero kuti viza idutse, thawani, ameneyo ali ndi zolinga zina.

NdineWaKuMpemba
Langa ndi lolemera pang'ono. Makolo a amuna anga sanabwere ku ukwati, sanandifune chifukwa ndine wamkulu kwa mwana wawo ndipo ndinali ndi mwana kale. Zithunzi zonse ndi za abale anga okha. Ndikuopa kuti adzafunsa kuti a kuchimuna ali kuti.

Mphunzitsi_Nyambadwe
Pepani achemwali, zimenezi zimapweteka. Koma musabise, ndipo musabwereke munthu kuti akhale apongozi. Bambowo alembe okha mu kalata yawo, mwachidule, kuti makolo awo sanagwirizane ndi ukwatiwu ndipo sanabwere. Mabanja otere alipo dziko lililonse. Ndiye muonetse amene anabwera kumbali yawo, kaya ndi mnzawo, kaya msuweni, kaya nkhoswe. Ngati pali chithunzi ali ndi mwana wanuyo, akumuperekeza ku sukulu kapena pa tsiku lake lobadwa, chimenecho chiikeni. Ndipo ngati mwanayo akupita nanu, nkhani ya chilolezo cha bambo ake omubereka muiyambe msanga, imatenga nthawi.

NdineWaKuMpemba
Zikomo aphunzitsi. Mwandipepuza mtima. Mwanayo amawatcha kuti adadi, zithunzi zilipo.

MayiWaMapasa
Mulimbe mtima mwanawe. Apongozi amafewa akaona zidzukulu.

MkaziWaChilomoni
Ndawerenga zonse kawiri. Usiku uno tikhala pa foni ndi bambo akunyumba, iwo atsegule pasipoti, ine nditsegule zithunzi, tiyendere chidindo chilichonse. Ndaona kale kuti za ulendo wa chaka chatha ndili nazo zochepa, chifukwa nthawi yambiri tinali ku chipatala ndi apongozi. Pali chimodzi chomwe alamu anga anajambula tili panja pa wodi, ine nditanyamula fulasiki ya phala, amuna anga akuyankhula ndi adokotala chakumbali. Kodi chotero n'choyenera, kapena n'chachisoni kwambiri?

AsisiAkuLeeds
Chiikeni, bola odwalawo ndi odwala ena sakuoneka. Mulembe mwezi, chaka, ndi kuti munali kudwazika mayi awo. Ngati adokotalawo nkhope ikuoneka, dulani mbali imeneyo. Ndipo mayina a anthu pansi pa zithunzi alembedwe momwe alili mu mapepala ena, musalembe dzina la pakhomo pamene setifiketi ili ndi lina.

Wojambula_Limbe
Kudula m'mbali palibe vuto, koma musachikongoletse ndi mafiluta, nkhope izifanana ndi ya mu pasipoti. Alamu anuwo auzeni atumize ngati document. PDF ikalemera kwambiri imakana kukwera, ndiye muichepetse kaye, kenako muitsegule pa kompyuta muone ngati nkhope ndi mawu a m'munsi zikuwerengeka musanatumize.

MnyamataWaBangwe
Bambo Mlembi, kwa DC kuja ndipite ndi ankhoswe onse awiri kapena mboni zilizonse?

Mlembi_Wakale
Kafunseni kaye nokha mawa m'mawa, mutenge chiphaso cha unzika chanu. Akakuuzani zofunika ndi tsiku, m'pamene muvutitse ankhoswe kuchoka kumudzi. Ndipo tsiku limenelo wina aime panja ndi foni akujambuleni mukutuluka ndi pepalalo.